Momwe mungaphwanyire nambala yaikulu: tiyese ndi 721,456 ya ku Thyolo

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018 anapeza kuti m'boma la Thyolo muli anthu 721,456. Ku Mulanje anapezako 684,107. Ambirife tikaona manambala otere timangoti "eee, ndi ambiri", n'kupitirira. Ana a sukulu ndiye mtima umayamba kuthamanga asanagwire n'cholembera chomwe.

Mwana wa mlongo wanga ali Fomu 2. Tsiku lina la chiperoni, kunja kuli mbuu, anabwera kunyumba ndi kope lake. Aphunzitsi anawauza kuti aliyense asankhe nambala yaikulu n'kufotokoza mtundu wake. Iye anasankha ya anthu a m'boma lathu lino, koma anangoima nayo. "Malume, ndiyambire pati?" Tinakhala pakhonde mpaka mdima, ndipo zimene tinachita tsikulo ndi zimene ndikulemba pano. Nambala yaikulu ili ngati mtolo wa nkhuni: uli chimangire sungadziwe kuti muli mitengo yanji. Uyambe wamasula. Mukaiphwanya nambala mpaka kufika pa ma prime amene anaipanga, mafunso ena onse amayankhika mosavuta.

Konzekerani kaye

Mufunika pepala lalikulu, pensulo, ndi kakyuleta. Ya pa foni ndi yokwanira. Chinthu chachinayi, chimene ambiri amachinyalanyaza, ndi mndandanda wa ma prime wolembedwa ndi dzanja lanu.

Nambala ya prime ndi imene imagawika ndi manambala awiri okha: 1 ndi iyo yomwe. Mwachitsanzo 7, 13, 29. Nambala 1 siili m'gululi, ndipo 2 ndi prime yekhayo amene ali even, kutanthauza wogawika ndi 2. Kuti mupeze ma prime osapitirira 100, gwiritsani ntchito sefa ya Eratosthenes, munthu wa ku Cyrene amene ankayang'anira laibulale ya ku Alexandria zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Lembani manambala kuyambira 2 mpaka 100. Siyani 2, koma khwatchani onse ogawika ndi 2. Siyani 3, khwatchani onse ogawika ndi 3. Chitani chimodzimodzi ndi 5 ndi 7. N'chimodzimodzi kusefa ufa: madeya amachoka pang'onopang'ono. Otsala adzakhala 25, ndipo ndi awa: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31, 37, 41, 43, 47, 53, 59, 61, 67, 71, 73, 79, 83, 89, 97. Awerengeni. Akapanda kukwana 25, pali amene mwamudumpha, ndipo muona kutsogoloku kuti kudumpha mmodzi yekha kumawononga ntchito yonse.

Gawo loyamba: iwerengeni bwino, kenako yang'anani kumchira

Lembani nambala yanu m'magulu a madijiti atatuatatu kuyambira kumanja: 721 ndi 456. Ili ndi madijiti 6. Tsopano yang'anani kumapeto kwake, chifukwa kumchirako n'kumene kumaulula zambiri.

Dijiti yomaliza ndi 6, choncho nambalayi ndi even, imagawika ndi 2. Apa tadziwa kale kuti si prime. Sithera ndi 0 kapena 5, ndiye 5 ndi 10 sangaigawe. Pa 4 mumayang'ana madijiti awiri omaliza: 56 ndi 4 kuchulukitsa ndi 14, ndiye zatheka. Pa 8 mumayang'ana atatu omaliza: 456 ndi 8 kuchulukitsa ndi 57. Pa 16 mumayang'ana anayi omaliza: 1,456 ndi 16 kuchulukitsa ndi 91. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. 100 amagawika ndi 4, 1,000 amagawika ndi 8, 10,000 amagawika ndi 16, ndiye zonse za kumanzere zagawika kale. Chotsala kuyesedwa ndi mchira wokha.

Gawo lachiwiri: phatikizani madijiti

7, 2, 1, 4, 5 ndi 6 mukaziphatikiza mupeza 25. Zikanakhala kuti 25 amagawika ndi 3, nambala yonse ikanagawika ndi 3. Zikanakhala kuti amagawika ndi 9, nayo ikanagawika ndi 9. Sagawika, ndiye 3 ndi 9 atuluka. Sungani 25 ameneyu pambali, tidzamufunanso.

Pali kanjira kena kamene ndimakakonda kwambiri, koma ana ambiri sakadziwa. 7 kuchulukitsa ndi 11 kuchulukitsa ndi 13 ndi 1,001. Chifukwa cha ichi, pa nambala ya madijiti 6 mungathe kuyesa ma prime atatuwa kamodzi. Tengani magulu awiri aja, muchotse laling'ono ku lalikulu: 721 kuchotsa 456, patsala 265. Tsopano yesani 265 yekhayo. Ndi 7 patsala 6, ndi 11 patsala 1, ndi 13 patsala 5. Palibe amene wagawa ndendende, choncho 7, 11 ndi 13 sangagawe 721,456. M'malo mogawa nambala yaikulu katatu, mwagawa kanambala kakang'ono kamene mungakathe ndi pamtima.

Gawo lachitatu: chotsani ma prime aang'ono onse amene mwawapeza

Tapeza 2 yekha. Gawani ndi 2 mpaka akane, ndipo lembani mzere uliwonse pansi pa unzake:

721,456
360,728
180,364
90,182
45,091

Tagawa kanayi. 45,091 ndi odd, sagawika ndi 2, ndiye 2 wathera pomwepa. Mtolo wachepa: kuchokera ku madijiti 6 tafika pa 5.

Gawo lachinayi: ntchito ya kalongonda

Apa ndi pamene pamafunika mtima. Aliyense wa kuno amadziwa kuti kalongonda saphikidwa mothamanga. Umawiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso. 45,091 nayenso amafuna kuyesedwa ndi ma prime mmodzimmodzi, motsatana, mosadumpha.

Musanayambe, dziwani polekezera. Simuyenera kuyesa mpaka 45,091. Mafakita, amene ndi manambala ogawa nambala ina popanda chotsala, amayenda awiriawiri: wina akakhala wamkulu, mnzake amakhala wamng'ono. Onani 36: pali 2 ndi 18, 3 ndi 12, 4 ndi 9, kenako 6 ndi 6 pakati. Mukadutsa 6 mumangokumananso ndi omwe aja mobwerera. Choncho malire ndi sikweya ruti, nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakupatsani nambala yanu, monga 6 pa 36. Pa kakyuleta, sikweya ruti ya 45,091 ndi 212 ndi kanthu. Mungatsimikize poona kuti 212 kuchulukitsa ndi 212 ndi 44,944, pamene 213 kuchulukitsa ndi 213 ndi 45,369. Prime womaliza kumuyesa ndi 211. Kuyambira 2 mpaka 211 alipo ma prime 47, ndipo 6 oyambirira tathana nawo kale, chifukwa prime amene wakana kugawa nambala yonse sangagawe chidutswa chake.

Yambani ndi 17. Pa kakyuleta, yankho likatuluka ndi kadontho ndi manambala ena kutsogolo kwake, ndiye kuti wakana. Ngati mukugawa pa pepala, lembani chotsala pambali pa prime aliyense, kuti mukatopa mudziwe pamene munalekezera. Ndi 17 patsala 7. Ndi 19 patsala 4. Ndi 23 patsala 11. Ndi 29 patsala 25, ndi 31 patsala 17, ndi 37 patsala 25. Pitirizani: 41, 43, 47, 53, 59, 61, onsewa akana.

Mnyamata uja atafika pa 61 anali atatopa. Mndandanda sanalembe, ankangotchula ma prime pamtima, ndipo anachoka pa 61 n'kupita pa 71. Anapitiriza mokhulupirika mpaka 211, kenako anadzutsa mutu. "Malume, 45,091 ndi prime." Ndinamuuza kuti alembe ma prime onse a pakati pa 60 ndi 70. Analemba 61, anaima kaye, n'kulemba 67. Atagawa, kakyuleta inaonetsa 673, popanda kadontho. Anakhala chete kanthawi akuyang'ana foniyo.

Taonani chimene chinachitika. Mnzake wa 67 ndi 673, ndipo 673 ali kutsidya kwa malire a 212. Ukamudumpha 67, palibenso wina kutsogolo amene angakuchenjeze kuti walakwitsa. N'chifukwa chake ndimalimbikira za mndandanda wolemba, ndi kuchonga prime aliyense mukamuyesa.

Mukapeza fakita, musaime. Yesaninso chotsalacho. 673 kodi ndi prime? Sikweya ruti yake ndi pafupifupi 26, ndiye ofunika kuyesedwa ndi ma prime osapitirira 23, ndipo onsewo anakana kale pamene timayesa nambala yaikulu. Choncho 673 ndi prime. Pa manambala ena muyenera kumuyesanso prime yemwe mwangomupezayo, chifukwa akhoza kulowamo kawiri kapena katatu, monga anachitira 2.

Gawo lachisanu: lembani zimene mwapeza, n'kubwerera m'mbuyo

721,456 = 2 × 2 × 2 × 2 × 67 × 673

Musakhulupirire mzerewu musanauyese. 67 kuchulukitsa ndi 673 ndi 45,091. Kuchulukitsa ndi 16: 45,000 atipatsa 720,000, ndipo 91 atipatsa 1,456. Pamodzi 721,456. Zagwirizana.

Mzere umenewu ndi wa nambala iyi yokha. Kaya muyambe ndi 67, kaya ndi 2, kaya muwerengere ku Luchenza kapena ku Tokyo, mupeza ma prime omwewa. Maziko a mfundoyi ali kale m'zolemba za Euclid wa ku Alexandria, pafupifupi zaka 300 Yesu asanabadwe, ndipo Carl Friedrich Gauss wa ku Germany anaitsimikizira momveka bwino m'buku lake la mu 1801. Kuyambira pano sitivutikanso. Tingowerenga zimene mzerewu ukunena.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mafakita alipo angati?

Onani kuti prime aliyense walowamo kangati, muwonjezere 1, kenako muchulukitse. 2 walowamo kanayi, ndiye 5. 67 kamodzi, ndiye 2. 673 kamodzi, ndiye 2. 5 × 2 × 2 ndi 20. Timawonjezera 1 chifukwa popanga fakita mukhoza kusatengako 2 n'komwe, kapena kutenga mmodzi, awiri, atatu, anayi: njira zisanu.

Kuti muwalembe onse mosaphonya, yambani ndi mzere wa 1, 2, 4, 8, 16. Uchulukitseni ndi 67: mupeza 67, 134, 268, 536, 1,072. Uchulukitseni ndi 673: mupeza 673, 1,346, 2,692, 5,384, 10,768. Uchulukitseni ndi 45,091: mupeza 45,091, 90,182, 180,364, 360,728, 721,456. Mizere inayi ya manambala asanu, akwana 20.

Izi zili ndi ntchito kunja kwa kalasi. Tiyerekeze kuti banki m'khonde yanu ili ndi phindu la K721,456 ndipo mwagwirizana kugawana mofanana. Ngati mulipo pakati pa 10 ndi 30, zidzatheka popanda chotsala pokhapokha mutakhala 16, aliyense K45,091. Pakati pa 16 ndi 67 palibe nambala ina imene ingaigawe. Tsopano yerekezani ndi K720,000, imene yangochepa ndi K1,456. Iyo muli 2 kasanu ndi kawiri, 3 kawiri, 5 kanayi, ndiye 8 × 3 × 5, mafakita 120. Imagawika kwa anthu 10, 12, 15, 16, 18, 20, 24, 25, 30. Manambala awiri oyandikana chotere, koma wina ndi wofewa, wina ndi wouma. Mlembi wa gulu amene amadziwa izi amaoneratu kuti patsala zingati asanatsegule bokosi.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: yoperewera, yokwanira kapena yosefukira?

Kagawidwe aka n'kakalekale. Nicomachus wa ku Gerasa analemba za iko cha m'ma 100 Yesu atabadwa. Mumaphatikiza mafakita onse kupatula nambala yeniyeniyo, n'kuyerekeza. Tengani 6: 1, 2 ndi 3 pamodzi ndi 6 ndendende. Imeneyo ndi yokwanira, m'mabuku a masamu amati perfect. Tengani 12: 1, 2, 3, 4 ndi 6 pamodzi ndi 16, apitirira. Imeneyo ndi yosefukira, abundant. Tengani 8: 1, 2 ndi 4 ndi 7, sanafike. Imeneyo ndi yoperewera, deficient.

Simuyenera kuphatikiza manambala 20 aja mmodzimmodzi. Pa prime aliyense phatikizani mzere wake: wa 2 ndi 1 + 2 + 4 + 8 + 16, zomwe ndi 31. Wa 67 ndi 1 + 67, zomwe ndi 68. Wa 673 ndi 674. Chulukitsani: 31 × 68 ndi 2,108, ndipo 2,108 × 674 ndi 1,420,792. Apa nambala yathu ilimo, ndiye ichotsenimo: patsala 699,336. Pamenepa ndi pamene ana ambiri amataya malikisi, amaiwala kuchotsa n'kunena kuti nambala ndi yosefukira.

699,336 ndi wochepa poyerekeza ndi 721,456, kusiyana kwake ndi 22,120. Choncho nambala ya Thyolo ndi yoperewera, ngakhale yaperewera pang'ono. 720,000 uja ndi wosefukira, ndipo simufunika kuwerenga kuti mudziwe: nambala iliyonse yogawika ndi 12 ndi yosefukira. Zokwanira ndendende n'zosowa kwambiri. Pali 6, 28, 496, 8,128, kenako mumalumpha mpaka 33,550,336. Zonse zimene zapezeka mpaka lero ndi even, ndipo funso loti kodi ilipo ya odd likuvutitsabe akatswiri a masamu.

Gawo lachisanu ndi chitatu: maonekedwe ake

Nambala ya sikweya ndi imene mungaiyale m'mizere yofanana mbali zonse, monga mbande za tiyi pa nazale, mizere 20 ya mbande 20. Apa 721,456 amanyenga, ndipo mnyamata uja anakodwanso. Manambala a sikweya amathera ndi 0, 1, 4, 5, 6 kapena 9. Yathu ithera ndi 6. Sikweya ikathera ndi 6, dijiti yoyandikana nayo imakhala odd, monga 16, 36, 196. Yathu ili ndi 5. Mukaphatikiza madijiti a sikweya mpaka patsale imodzi, mumapeza 1, 4, 7 kapena 9. 25 wathu uja atipatsa 7. Mayeso onse atatu yakhoza. Komabe si sikweya.

Mayeso a pamwambawa amatha kukana nambala, koma satha kuivomereza. Chovomereza ndi mzere wa ma prime. Mu sikweya, prime aliyense amalowamo kawiri, kanayi, kasanu ndi kamodzi, kuti agawike mbali ziwiri mofanana. Kwa ife 2 walowamo kanayi, zili bwino, koma 67 ndi 673 ali okhaokha. Njira ina yoonera: sikweya imakhala ndi mafakita a chiwerengero cha odd, pamene yathu ili ndi 20. Mukanakhala ndi mbande 721,456, mukanayala mizere 849 ya mbande 849, zomwe ndi 720,801, n'kutsala ndi 655 m'manja. Kuti mufike pa 850 mukanafunika zina 1,044.

Palinso manambala a makona atatu, monga mmene ana amasanjira zitsekerero za mabotolo: chimodzi pamwamba, ziwiri pansi pake, kenako zitatu. Amenewa ndi 1, 3, 6, 10, 15 ndi otsatira ake. Poyesa, chulukitsani nambala ndi 8, muwonjezere 1, muone ngati yankho ndi sikweya. Yathu itipatsa 5,771,649, amene ali pakati pa 2,402 × 2,402 ndi 2,403 × 2,403. Yakana. Oyandikana nayo a mtunduwu ndi 720,600 ndi 721,801.

Ngati mukuphunzira za kompyuta, isintheni kukhala binary, kalembedwe ka manambala ka 0 ndi 1 okha, pogawa ndi 2 mobwerezabwereza, kulemba chotsala nthawi iliyonse, n'kuwerenga zotsalazo kuchokera pansi kupita pamwamba. Mupeza 10110000001000110000, madijiti 20. Maziro anayi a kumapetowo ndi 2 uja amene analowamo kanayi.

Tsopano lembani zonse pamodzi, monga momwe mungayankhire pa pepala: 721,456 ndi nambala ya madijiti 6, even, si prime, ili ndi ma prime atatu osiyana, mafakita 20 amene pamodzi ndi 1,420,792, ndi yoperewera, si sikweya, si ya makona atatu.

Mwaona kuti nthawi yambiri inathera pa gawo lachinayi. Kuchulukitsa 67 ndi 673 n'kwa mphindi imodzi, koma kubwerera kuchokera ku 45,091 kunatitengera madzulo onse. Kusiyana kumeneku kumakula koopsa manambala akamatalika. Njira yobisira uthenga yotchedwa RSA, imene Rivest, Shamir ndi Adleman anatulukira mu 1977 ndipo imagwirabe ntchito poteteza zinthu pa intaneti, yatsamira pomwepa: ma prime awiri a madijiti mazanamazana akachulukitsidwa, ngakhale makompyuta amphamvu amalephera kuwalekanitsa pa nthawi yochepa. Prime amene anapezeka mu Okutobala 2024 ndi Luke Durant, mothandizidwa ndi makompyuta ambirimbiri, ali ndi madijiti 41,024,320.

Kuti dzanja lizolowere, yambani ndi nambala yaing'ono. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi yotalika mamita 3,002. Gawani ndi 2, mupeza 1,501. Malire ndi 38, ndiye prime womaliza ndi 37, ndipo 19 adzakutsegulirani: 2 × 19 × 79. Muyenera kupeza mafakita 8, amene pamodzi ndi 4,800, ndipo mukachotsamo 3,002 patsala 1,798.

Mukatha pamenepo, tengani ya anzathu a ku Mulanje, 684,107. Ndi odd. Madijiti ake pamodzi ndi 26, ndiye 3 watuluka. 684 kuchotsa 107 ndi 577, amene sagawika ndi 7, 11 kapena 13. Malire ake ndi 827, chifukwa 827 × 827 ndi 683,929, ndipo ma prime kufika pamenepo alipo 144. Sefa yanu muitalikitse mpaka 827, mukhwatche ogawika ndi ma prime onse mpaka 23, kenako mugawane mndandandawo ndi anzanu atatu, aliyense ma prime 36, muyambe kuchonga.